Mbira m'thumba la feteleza

Bwerani tiime apa pakhonde la golosale, pamthunzi, koma musatseke khomo. Pano ndi pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1, m'dera la mfumu Phambala ku Ntcheu. Wochokera ku Lilongwe amayamba walipira pageti pa Chingeni, n'kudutsa pa Senzani, ndipo asanaone Phalula amakhala wafika pano. Mwezi ndi wa Ogasiti. Mphepo ikuvinitsa majumbo, matumba a makala andanda m'mbali mwa tala, anyamata a mbewa akuthamangira galimoto iliyonse yomwe yachepetsako liwiro, mipani ili m'mwamba.

Koma m'mawa uno anthu sakulabadira zamsewu. Aliyense akuponyera diso thumba la feteleza lomwe mnyamata wina walipanira pakati pa miyendo, ali khale pafupi ndi siteji. Thumbalo likupuma.

"Mfana, muli chiyani m'menemo?" Wayambitsa ndi wa kabaza wina, phazi limodzi pansi, lina pa pedulo.

"Ndiwo."

"Ndiwo zanji zopuma zokha?"

Mnyamata sakuyankha. Maso ake ali kumsewu. Akudziwa kuti kasitomala wa katundu wotere amabwera pa matayala ambiri, osati awiri.

Mayi wa makala, amene wakhala akusanja makala akuluakulu pamwamba pa thumba kuti lioneke lonona, wapukuta manja pachitenje. "Iwe mwana, ngati ili njoka uchoke nayo pano. Ife tabwerera geni."

Apa mnyamata wamasulako pang'ono chingwe. Mwatuluka kamphuno kakuda, kenako maso awiri owala, timakutu tozungulira tobisala muubweya wotuwa, ndi mano awiri akuthwa osuzumira pansi pa mlomo wam'mwamba.

"Mbira!" Anthu atatu anenera pamodzi.

Si mbira zoweta zija zimalira kukhitchini zikamva munthu akubwera ndi udzu. Iyi ndi ya kuphiri, ya m'mapanga, yojintcha bwino, yoti pasikelo siingalephere makilogalamu atatu.

Bawo yomwe inali mkati pansi pa mtengo yaima. Madala ena a chipewa cha mlaza athira njere m'dzenje limodzi, adzuka mogwira bondo, abwera ndi ndodo yawo. Sanafunse mtengo.

"Waitenga kuti, mdzukulu?"

Mnyamata waloza ndi mlomo chakumadzulo, kumene mapiri akuoneka mwachizimezime muutsi, mzere womwe umakakwera mpaka ku Kirk Range kumalire ndi Mozambique. "Kutali, agogo. Ndanyamuka tambala woyamba. Msampha ndinatchera dzana."

"Kutali," madala abwereza, akupukusa mutu. "Ife tili anyamata sitinkadzukira tambala chifukwa cha mbira. Ukapita kobusa m'mawa unkazipeza zili mbwee pamwala, zikuothera dzuwa. Imodzi ili pamwamba penipeni, mlonda ameneyo. Ungoponda tsamba louma, iyo n'kukuwa kamodzi, pamwala ponse pali zii."

Madalawa sakukokomeza. Mbira ndi nyama yomwe moyo wake wonse uli pamwala. Thupi lake silisunga bwino kutentha, n'chifukwa chake kukacha imayamba yaothera dzuwa isanaganize za mimba, ndipo kukazizira zimaunjikana m'phanga kuti zifunditsane. Kudya kwake n'kwachangu: zimatsika gulu, kubudula udzu, masamba ndi zipatso, n'kubwerera msanga, diso lili kumwamba. Kumwambako kuli chiwombankhanga chakuda chomwe akatswiri amachitcha Verreaux's eagle, chimene ndiwo yake yaikulu ndi mbira yomweyi. Pansi pali kambuku ndi nsato. Kothawira n'kumodzi kokha, mumng'alu wa mwala. Ndipo mukafuna kudziwa ngati phiri lili ndi mbira simuchita kukafunsa kwa a mfumu, mumangoyang'ana mizere yoyera pamatanthwe. Mbira zimadzithandizira pamalo amodzimodzi mibadwomibadwo, ndipo mkodzo ukauma umasiya zoyera zimenezo. Kuno ku Malawi zilipo za mitundu itatu. Iwiri ndi ya m'miyala, mbira zomwe alendo amazijambula ku Mulanje ndi ku Cape Maclear. Wachitatu ndi wa m'mitengo, womwe umalira usiku m'nkhalango zowirira.

Thiraki ina yochokera chaku Zalewa yapatuka n'kuima, mabuleki akufwenthera. Watsika dalaivala wa mimba yake, thaulo pakhosi, chotokosera m'mano chili pakona ya mlomo. Mnyamata waimirira nthawi yomweyo, nkhope yasintha.

"Bwana, nayi nyama ya fuleshi."

Dalaivala wasuzumira m'thumba, manja ali kumbuyo. "Zingati?"

"K6,000."

"Aaa, mfana! Khoswe wonenepa yemweyu K6,000? Ukuona ngati ndanyamula banki?"

"Si khoswe, bwana."

Bambo wina wa jekete, Baibulo lili m'khwapa, amene wakhala akudikira minibasi ya ku Balaka mwakachetechete, wasendera pafupi n'kukweza chala. "Achimwene, ngakhale akupatseni ulere musadye. Pa Levitiko chaputala 11 yatchulidwa ndi dzina, pamzere umodzi ndi ngamila, kalulu ndi nkhumba."

"Abusa," dalaivala wasuntha chotokosera kupita kukona inayo, "nkhumba ndinayamba ndili ku pulayimale. Mlandu ndi umodzi womwewo, angowonjezera pa faelo."

Phwete kuseka anthu. Abusa nawo amwetulira, koma chala sanatsitse.

Tsopano onani mtsikana uyo wa chikwama chakumsana ndi majombo afumbi. Wakhala ali phee pabenchi, koma wadzuka, wanjuta pafupi ndi thumba. Anauza mayi wa makala poyamba paja kuti akudikira basi ya ku Dedza, kumene akuphunzira kukoleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire.

"Ankolo, ameneyu si khoswe ayi. Mukafuna abale ake enieni mupite ku Liwonde. Mbira ili pachibale ndi njovu."

Kwakhala kaye chete. Kenako wa kabaza wawerama pa handulo, mapewa akugwedera. "Sisi, kusukulu kwanuko akubwezereni fizi!"

Mtsikana sanakwiye. Wauza mnyamata kuti aigwire pakhosi aitulutseko pang'ono. Mbira yatuluka ikuphiriphitha, mano ali panja, ubweya wapamsana waima. "Werengani zala. Kutsogolo zinayi, kumbuyo zitatu, ndipo zikhadabo zake n'zophwatalala, zamtundu wa njovu. Mano awiri awa ndi am'mwamba, amakula moyo wonse, ndipo minyanga ya njovu nayo ndi mano am'mwamba omwewo. Khoswe akatenga bere, masabata atatu basi waswa. Kameneka kamayenda ndi mimba miyezi isanu ndi iwiri n'kupitirirapo."

"Miyezi seveni?" Mayi wa makala wagwira m'chiuno. "Kameneka? Ndiye ana angati?"

"Awiri kapena atatu, kamodzi pachaka. Koma amabadwa maso ali otsegula, ubweya uli kale, tsiku lomwelo akuyenda pamwala."

"Bola kumeneko," mayi wapumira m'mwamba. "Wanga wachisanu anayenda atatha chaka ndi miyezi iwiri." Watambasula chala chakuda ndi makala, wakhudza kuphazi kwa mbira, n'kubweza msanga. "Iii, kofewa ngati mphira ya patapata! Konyowanso."

"Ndi thukuta limenelo. Ndi lomwe limaithandiza kumata pamwala woterera osagwa."

Mnyamata wamvetsera zonsezi osaphethira. Wabweza mbira m'thumba, wamanga chingwe kawiri, wakweza chibwano. "Ndiye ngati ili njovu, K10,000."

Dalaivala walavula chotokosera. Anthu agwirana mapewa. Ngakhale anyamata a mbewa aphonya basi yonse ya ku Blantyre chifukwa cha chikhakhali.

Kamtsikana kogulitsa zitumbuwa, beseni lili pamutu, kakhala kakuzungulira gululi kufunafuna poonera. Kafunsa ndi mawu aang'ono: "Nanga mchira mwaudula chifukwa chiyani?"

Madala akonza kukhosi. Aliyense wodziwa madala a ku Ntcheu akudziwa tanthauzo la kukonza kukhosi kumeneko. Wa kabaza watsika panjinga n'kuiimika.

"Tsiku lomwe mfumu ya nyama inkagawa michira kunali mvumbi. Mbira anasuzumira pakhomo la phanga, anaona kunja kwanyowa, anabwerera pamoto. Akudutsa Nyani, iye, 'Achimwene, mukanditengereko wanga.' Akudutsa Kalulu, 'Achimwene, mukanditengereko wanga.' Akudutsa Fisi, chimodzimodzi. Onse anavomera bwinobwino. Madzulo akubwera, aliyense akugwedeza wakewake. Fisi akuti ndaiwala. Kalulu akuti ndimayesa watenga Nyani. Nyani osayankha, koma mchira wake unali wautali mokayikitsa." Madala agogoda ndodo pansi. "Mpaka lero Mbira alibe mchira, chifukwa chotuma."

Nthano imeneyi siinayambire pano. Azulu ali nayo, Ashona ali nayo, ndipo m'dziko lino la Angoni a Maseko a Inkosi Gomani, amene makolo awo anachokera kumwera, sizodabwitsa kuimva ikutuluka m'kamwa mwa munthu wa bawo.

Mtsikana wa ku Dedza watulutsa foni. "Agogo, ndikuonetseni mnzake wa ku Australia. Koma muonere msanga, bandulo yanga ili kumapeto." Mitu yaunjikana. Wina watchinga dzuwa ndi kapu, dalaivala wakankha kamtsikana ka zitumbuwa kuti kapite kutsogolo. Pagalasi pali kanyama kaima ndi miyendo yakumbuyo pathanthwe, timanja tili pachifuwa, mchira wautali kuposa thupi, wa ubweya wambiri kunsonga. Pamimba pali kathumba, ndipo m'menemo mukusuzumira kamutu ka mwana.

"Amatchedwa rock-wallaby. Ndi m'bale wake wa kangaroo, koma iyeyu amakhala m'miyala. Mchirawo ndi womwe umam'thandiza kuti asapendame akamadumpha."

"Eyaa," mayi wa makala waomba m'manja kamodzi. "Uyu ndiye anadzipitira yekha. Taonani anam'patsa ndi mbereko yomwe!"

Mtsikana wakhwekhwereza chala pagalasi. Tsopano pali helikopita, chitseko chili chotsegula, munthu akukhuthulira pansi zinthu zofiirira kuchokera m'bokosi.

"Akutaya chiyani?"

"Mbatata ndi karoti."

"Kwa anthu?"

"Kwa nyamazo."

Wa kabaza wavula kapu, wakanda m'mutu, wavalanso. "Aise, ife tinabadwira kolakwika." Mnzake waloza thumba la mnyamata uja ndi phazi: "Kuno ngakhale thumba la feteleza lopanda kanthu timachita kugula." Palibe amene wawonjezerapo. Nkhani imeneyo aliyense pano amaidziwa pamtima.

Zomwe akuonerazo zinachitikadi. Mu Januwale 2020, moto wolusa utapsereza nkhalango za kum'mawa kwa Australia, boma la chigawo cha New South Wales linaponya kuchokera m'helikopita makilogalamu oposa 1,000 a mbatata ndi karoti m'zigwa monga Capertee ndi Wolgan. Zomwe ankadyetsazo ndi brush-tailed rock-wallaby, umodzi mwa mitundu yoposa 15 ya nyama zimenezi. Ndi mbira yathu palibe chibale, koma mwala unaziphunzitsa khalidwe limodzi. Zimabisala m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe a mapiri a Great Dividing Range, m'mawa zimaothera dzuwa, madzulo zimatsika kukadya udzu, ndipo kumapazi kwake n'kokhakhala kuti kugwire mwala. Moto utadutsa, zambiri zinapulumuka pakuti mwala supsa. Chomwe chinapsa ndi chakudya. Koma tisafulumire kusirira. Anthu omwewo asanayambe kuziponyera mbatata anali atazipulula. Pakati pa 1884 ndi 1914 ku New South Wales munthu ankalandira ndalama akapha kanyamaka, ndipo zoposa 500,000 zinathera pamenepo, kuwonjezera pa zomwe ankazisakira zikopa. Nkhandwe zomwe atsamunda anabwera nazo kuchokera ku Ulaya zinayamba kudya ana, mbuzi zolowerera zinalanda msipu ndi mapanga omwe. Lero zatsala m'timagulu totalikirana, phiri ili pang'ono, phiri lina pang'ono. Helikopita ija kwenikweni ndi chindapusa cha mlandu wakale.

"Mwala supsa," mtsikana wanena akubweza foni m'thumba, "koma mbira siidya mwala." Watembenukira kumapiri kuja. Anthu onse atembenuka naye. Utsi woyera ukukwera malo awiri, ndipo mbali ina ya phiri yada kale.

Anyamata a mbewa atsitsa mipani. "Musatiyang'ane ife," wamkulu mwa iwo wafulumira kunena. "Ife timakumba ndi khasu. Otentha ndi alenje a agalu aja."

"Ndiye mukufuna munene ine?" Mayi wa makala wamanganso chitenje, chomwe sichinamasuke n'komwe. "Ine ndimangooda kwa ootcha. Mtengo sindinadulepo. Kapena ana anga azidya miyala?"

"Nanga a zankhalango amalandirira chiyani malipiro?" dalaivala wafunsa, akuyang'ana mtsikana uja ngati kuti walembedwa kale ntchito.

"Zimenezo n'za a mfumu," wa kabaza wagamula. "Akangoitana msonkhano umodzi basi."

"Mabungwe abwere ndi mbande," abusa awonjezera. "Ife tidzadzala."

Madala akhala chete nthawi yonseyi, chibwano chili pandodo. Anthu atatha, iwo apinda khosi, achepetsa mawu kukhala a kanyama ka m'phanga, anena osayang'ana munthu: "Achimwene, mukanditengereko wanga."

Ena aseka. Ena ayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Abusa atsegula Baibulo n'kulitsekanso.

Kunena chilungamo, palibe wabodza pagululi. Mayiyu akufunadi fizi ya ana, ndipo thumba lake likapsera pambaula ya munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwina yemweyo amene amadandaula pawailesi kuti mapiri ayera. Malamulo nawo alipo: la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, la zankhalango mu 2020, ndipo amene amadutsa pa Zalewa amaiona milu ya matumba olandidwa. Koma mbira siiwerenga malamulo. Iyo imadziwa mtunda wochoka pamng'alu wake kufika pomwe pali tsamba laliwisi. Mitengo yozungulira thanthwe ikadulidwa, udzu n'kupsa, mtundawo umatalika, ndipo m'kati mwa ulendowo muli galu, msampha ndi chiwombankhanga. Mbewa zikaphedwa chaka chino, chaka chamawa zimadzazanso m'munda. Nyama yoswa awiri pachaka siingatero. Ulendo womwe mnyamatayu wayenda kuchokera tambala woyamba ndiwo muyeso wake wa zomwe zachitika pakati pa ubwana wa madala ndi ubwana wake.

Koma taonani, musaphonye apa. Wa kabaza uja, pofuna kusintha nkhani, wati, "Tabweretsa ndione ngati njovu yakoyo ili yaikazi." Mnyamata asanakane, iye wamasula kale chingwe, wapisa dzanja.

"Mayooo!"

Thumba lagwa. Chinthu chotuwa chatuluka fwaa, chadutsa pakati pa miyendo ya abusa, chalowa kunsi kwa thiraki, chatulukira mbali inayo. Kamtsikana ka zitumbuwa kakuwa, beseni kaligwira ndi manja awiri. Anyamata a mbewa athamangira, wina ndi mpani womwe. Mbira yatsetserekera m'ngalande, yaona miyala yomwe omanga msewu anayala pakamwa pa kalavati, yalowa pampata woti inu ndi ine sitingalowetse ngakhale chibakera. Galu wapamsika wafika mochedwa, wanunkhiza, wayetsemula, wabwerera kukagona.

"Mulipire!" Mnyamata wagwira kaliyala ya njinga, misozi ili m'maso. "K10,000 yanga!"

"Ndilipire ine?" Wa kabaza akuyamwa chala, mawu akutuluka mopotoka. "Njovu yako yandiluma, ukandilipirire kuchipatala ndiwe!"

"Pajatu mumati ndi khoswe," mayi wa makala waponyamo, akusanjanso makala ake.

Mlandu wapita kwa madala, pakuti pano palibe bwalo lina. Iwo afunsa mnyamata kumene amakhala, afunsa wa kabaza ngati anapemphedwa kupisa dzanja, akhala kaye ngati akuwerenga njere za bawo. Chigamulo chatuluka: wa kabaza am'gulire mwanayo tchipisi cha pachiwaya ndi zitumbuwa ziwiri, kenako am'nyamule ulere mpaka pomwe njira ya njinga imathera. Chala akatsuke ndi sopo, akaonetse kuchipatala. Za K10,000 ziiwalike, pakuti njovu siigulitsidwa pamsewu. Mtsikana wa ku Dedza wavomereza ndi mutu, n'kuwonjezera kuti ngakhale mbira yeniyeniyo a zanyama atam'peza nayo sangam'sekerere. Mnyamata wapukuta m'maso ndi kolala, wapinda thumba lake bwinobwino, pakuti nalo ndi ndalama.

Dalaivala, poti anaima kale, wagula mipani iwiri ya mbewa. Abusa akweza chala kuti anene za ndime 29 ya chaputala chomwe chija, koma minibasi yawo yafika, kondakitala wawalanda kale chikwama. Bawo yayambiranso, ndipo mnzawo wa madala akulumbira kuti njere sizinali m'dzenje limenelo.

Helikopita ya mbatata kuno siidzabwera, ndipo palibe amene akuidikira. Chomwe mbira za m'mapiri a Ntcheu zikusowa n'chotchipa kuposa pamenepo: mitengo ingapo yosiyidwa mozungulira thanthwe, ndi udzu woti ufike mvula ya Novembala usanapse. Nyengo ya moto yangoyamba kumene. Inu amene muli ndi phiri kumudzi kwanu, tengani khasu ndi chikwanje mwezi uno mukalambule njira yotchinga moto, ndipo mupite nokha, musatume munthu.